Woimba Lipenga Wadwala Matenda a Amalinyero

Kwa Wolemekezeka Wapampando,
Komiti Yosiyanitsa Mankhwala ndi Chakudya,
Kulikulu.

Wolemekezeka Bwana,

Ndavula chipewa polemba kalata ino, ngakhale simukundiona. Dzina langa ndine Budimir Lazović, koma kuno kumapiri amangoti a Buda. Ndine woimba lipenga. Ndaimba pa maukwati, pa maubatizo, poperekeza anyamata ku usilikali ndi pa maliro, ndipo sukulu ndinaisiya pamene aphunzitsi anayamba kusakaniza zilembo ndi manambala. Mukapeza mawu opindika m'kalatayi musavutike nawo, inenso ndawaona koma sindikudziwa mbali yowawongolera. Impso zanga zinapuma pantchito mwini wake ndisanapume, choncho Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu ndimakagona m'chipatala cha m'tauni mwathu, makina n'kumandisefera magazi.

Sindikudandaula ayi. Mkazi wanga Milojka akuti kalata yodandaula akuluakulu amaikirapo kapu ya khofi, koma yothokoza amaiwerenga mpaka pansi. Ndiye ine ndabwera kudzathokoza.

Choyamba, zikomo chifukwa cha mphindi ziwiri zija munatipatsa. Kale makina akatsala pang'ono kumaliza, sista Zorica ankabwera ndi kajakisoni kakang'ono n'kukathira m'chubu chobwezera magazi m'thupi. Palibe mwa ife ankafunsa kuti n'chiyani. Tinkangoti ndi timadzi totsukira chubu. Chaka chatha, masamba akuyoyoka m'mitengo, kajakisoni kaja kanasowa, ndipo tinayamba kudzuka pabedi mofulumirako pang'ono. Ine, poti ndine munthu wozindikira zinthu, ndinaima pakati pa wodi n'kuuza anzanga kuti aleke kunyoza boma, taonani latigulira makina othamanga. Ena anandiombera m'manja ndi dzanja lopanda singano lija, kumenya pantchafu.

Patapita miyezi ndi pamene ndinamva kuti timadzi tija tinali vitamini C. Akuti makinawa akamachotsa zoipa m'magazi amakokolola ndi vitaminiyu, chifukwa makina, mosiyana ndi Komiti yanu, sadziwa kusiyanitsa zinthu. Kajakisoni kaja kankabwezera zimene makina aba. Koma inu munakhala pansi, munalingalira mozama, n'kugamula kuti vitamini C si mankhwala, ndi chowonjezera pa chakudya. Chipatala chimagula mankhwala okha. Nkhani inathera pomwepo, mwaulemu, popanda wina kukweza mawu.

Chachiwiri, zikomo potikhulupirira kuti timadya. Simunaname, Bwana, vitaminiyu ali m'chakudya ndithu, ndipo dziko lathu ladzaza naye. Ali mu tsabola wofiira amene amayi amawotcha m'mabwalo mpaka tauni yonse kununkhira, ali mu tomato, ali mu kabichi wa mumgolo, ali m'zipatso. Vuto ndi laling'ono chabe, sindikadakuvutitsani nalo. M'chipatala chomwechi, pansi pa masitepe, muli mayi wina wophunzitsa za kadyedwe, ndipo iyeyu anatiuza kuti zonsezi zili ndi potaziyamu kapena mchere, ndipo munthu wopanda impso akadya zambiri mtima umangoima osatsanzika. Tomato kagawo kamodzi. Zipatso kuzinunkhiza. Mbatata kuisenda, kuiduladula, kuiviika, kuiwiritsa, kutaya madzi, kuiwiritsanso, kutayanso madzi, kenako kudya chotsalacho, chimene sindikudziwa dzina lake. Milojka sataya kanthu, ndiye madzi onsewo amapatsa nkhumba. Ndikukutsimikizirani kuti lamulo lanu likugwira ntchito pa nkhumbayo. Ndinaiyasamulitsa tsiku lina, nkhama zake n'zolimba bwino, mano onse alipo.

Choncho ofesi yanu yam'mwamba ikuti vitaminiyu ndimupeze m'mbale, ofesi yapansi ikuti ndimuchotse m'mbale. Onse awiri ndi anthu ophunzira, ndipo ine ndimawamvera onse.

Chachitatu, ndipo ichi ndikuthokoza ndi mtima wonse, munandisandutsa munthu wapanyanja. Zinayamba ndi nkhama kutuluka magazi. Ine ndinati ndi mswachi, ndinagula wofewa. Sista Zorica anati mwina ndi mankhwala oletsa magazi kuundana aja amatipatsa pamakina. Wa mano anayang'ana n'kunena kuti ndi ukalamba, n'kundilipiritsa chifukwa chondiuza zaka zanga. Milojka anati ndikumwa rakija, kachasu wakwathu kuno, mobisa, ndipo anakasanthula m'khola monse, n'kupeza botolo limene ndinabisa ndisanadwale, ine mwini nditaliiwala, ndiye mlandu unandigwera popanda kulawako n'komwe. Kenako miyendo inadzaza mabala akuda ngati andimenya, ndipo kukwera masitepe a tchalitchi kunayamba kufuna kupumira panjira.

Amene anazindikira ndi dokotala wathu, mayi Ljiljana. Anandivula sokosi, anayang'ana timaubweya ta pamwendo tili topiringizika, n'kundiyasamulitsa. Atatero anaitana madokotala anzake awiri kuti adzaone, wina anajambula ndi foni. Ine ndinasangalala, chifukwa chiyambire palibe dokotala anandijambulapo. Anandiuza kuti awa ndi matenda a amalinyero akale, aja ankakhala miyezi pa chombo osaona tsamba, ndipo iwo anangowawerenga m'buku ali kusukulu. Bwana, dziko lathu lilibe nyanja. Ine madzi aakulu amene ndawolokapo ndi mtsinje wa kumunsi kwa msika, ndipo ndinawoloka pa mlatho. Koma lero wodi yonse imanditchula kuti Kaputeni. Amene anayambitsa ndi a Dobrivoje, a bedi la kumanzere kwanga, bambo wamasiye amene takhala tikugona moyandikana chiyambire ine kudwala. Ndikamalowa amandichitira sawasha. Iwonso mabala akuda ali nawo, koma matendawa akafika m'kamwa mwawo amabwerera manja ali m'thumba, chifukwa mano awo amagona m'kapu.

Pano mundilole ndikuphunzitseni kanthu kamodzi kokha, poti n'kokhako ndimadziwa. Lipenga saimba ndi mapapo okha. Kamwa yake yachitsulo imatsamira pa mlomo, ndipo mlomo umatsamira pa mano awiri akutsogolo a m'mwamba. Mawu akamakwera, chitsulo chimakanikiza kwambiri. Mano awiriwo ndi amene analera ana anga, anamanga nyumba, anagula nkhumba ija. Ndipo onse awiri anayamba kugwedera.

Chachinayi, zikomo potipatsa ufulu wodzichiritsa tokha, ngakhale pano ndiyenera kuvomera kuti ufuluwo unagwera m'manja mwa chitsiru. Mayi Ljiljana sakanatha kundilembera vitaminiyu, chifukwa dokotala amalemba mankhwala, salemba chakudya. Anandikokera pakhonde n'kundinong'oneza, ngati tikugulitsana fodya wozembetsa, kuti ndikagule ndekha, koma wa mamiligalamu zana limodzi basi, ndizimwa ndikachoka pamakina. Ndinapita kusitolo ya mankhwala. Mtsikana wa pamenepo anandiuza kuti wa zana palibe amene amamufuna, ndiye saitanitsa. Alipo wa chikwi, mapiritsi aakulu ngati ndalama yachitsulo, oponya m'madzi n'kumachita thovu, onunkhira lalanje. Ine ndinaganiza monga woimba lipenga aliyense amaganizira, kuti chokweza ndiye chabwino. Ngati zana likuchiritsa, chikwi chichiritsa kakhumi. Ndinayamba kumwa awiri patsiku, ndipo poti ndine wachifundo ndinagawirako wodi yonse, ndikuwalangiza ngati ndinapita ku yunivesite.

Sindinaganize kuti piritsi lililonse limafuna kapu yodzaza, pamene ine madzi a tsiku lonse amandilola makapu awiri okha, kuphatikizapo msuzi. Sindinadziwenso kuti thovu lija ndi mchere. Pamwamba pa izo kunabwera kum wanga Radovan, amene anandiimira pa ukwati, munthu amene sanadwalepo ndiye amadziwa mankhwala a matenda onse. Iye anati madokotala ndi akuba, agogo athu ankamwa madzi a mumgolo wa kabichi nyengo yonse yachisanu ndipo ankafa ndi mano awo. Anabwera ndi botolo lathunthu. Ndinamwa, chifukwa kum sakanidwa, komanso kunena zoona anali okoma mpaka misozi.

Lolemba lake nditakwera pasikelo, sista Zorica anayang'ana manambala, anandiyang'ana ine, anayang'ananso manambala.

"A Buda, mwameza lipenga kodi?"

Nkhope inali itatupa, mpweya ukuvuta, nsapato ndinabwera nditaponda kumbuyo. Mayi Ljiljana atamva zonse sanakuwe, ndipo bola akanakuwa. Anandifotokozera pang'onopang'ono, ngati mwana, kuti vitaminiyu akachuluka amasanduka timchenga, ndipo munthu wa impso zamoyo amatitaya pokodza, koma ine ndilibe khomo lotulutsira, ndiye timakakhala m'mitsempha, m'mfundo, ngakhale m'maso. Kenako anati:

"Ndinati zana, a Budimir. Kodi pa ukwati akakupemphani nyimbo imodzi, mumaimba khumi?"

Ndinayankha zoona, kuti inde, nthawi zonse. Anatuluka, ndipo sista Zorica anayenda bedi ndi bedi kulanda mapiritsi amene ndinagawa. Mpaka lero pali mayi wina wa bedi lapakona amene sandiyankha moni.

Chiyambire pamenepo tayesa njira zonse zaulemu. Milojka amaika piritsi pathabwa n'kuyesa kulidula pakhumi ndi mpeni wa nyama. Limaphwanyika kukhala ufa, iye amatola ndi nsonga ya mpeni, ine n'kunyambita. Tsiku lina mwina ndi makumi asanu, tsiku lina mazana atatu, palibe akudziwa, ndipo dokotala akafunsa ndimayang'ana kudenga. Mwana wathu Nada, amene amagwira ntchito ku Vienna, anatitumizira katoni yathunthu ndi basi. Titatsegula tinapeza omwe aja a chikwi, kungoti olembedwa m'Chijeremani. Mayi Ljiljana akuti njira yabwino ndi kajakisoni kaja, koyezedwa, kolowa pa nthawi yake makina atamaliza kuba. Ndinati ndikagule ndekha kulikulu. Anati chipatala sichibaya munthu chinthu chimene sichinadzere m'nkhokwe yake ya mankhwala. Ndinapita kunkhokwe, anati iwo sagula chakudya, ndipite kukhichini. Mayi wa kukhichini, munthu wabwino kwambiri, anandikhazika pampando, anamvetsera nkhani yonse, n'kunena kuti chakudya amagula ndithu koma alibe chilolezo chobaya anthu, mwina atandipakira pa buledi. Ndinamuthokoza, ndipo ndikuthokozanso inu, chifukwa palibe ofesi imene inandithamangitsa.

Chachisanu ndi chovuta kuthokoza, koma ndiyesa. M'wodi mwathu sititchula imfa. Bedi likapezeka lopanda munthu timangoti uje wasintha shifiti. Ndipo tili ndi pangano lathu, losalembedwa paliponse, lakuti aliyense wa shifiti yathu akasintha, ine ndimakaimba kumanda kwaulere. Gulu lathu la malipenga limaimba poperekeza, koma bokosi likamatsika onse amakhala chete, n'kutsala lipenga limodzi, langa. Anzanga amasankhiratu nyimbo tili chigonere, machubu ali m'mikono, ndipo amakangana ngati akusankha nsalu. Musaseke, Bwana, kapena sekani, ifenso timaseka. Munthu amene amamuuza chodya, chakumwa, ndi tsiku logona, amafuna kanthu kamodzi kosankha yekha.

Mwezi wa February anasintha shifiti ndi mayi Stanika, a bedi la pawindo, amene ankatigulitsa mazira mobisa pansi pa bulangeti. Kumanda kunali chipale chofewa mpaka m'maondo, chitsulo cha lipenga chikuluma mlomo. Mtsogoleri wa gulu masiku ano ndi Srećko, mwana wa mlongo wanga, amene ndinamuphunzitsa ndekha kugwira lipenga. Anandiyang'ana n'kundifunsa ndi maso ngati ndingathe. Ndinamuyang'ana moti anachita manyazi. Bokosi linayamba kutsika, ine ndinayamba bwino, pansipansi, azimayi anayamba kusisima. Nyimbo ya mayi Stanika ili ndi malo amodzi okwera, pamene mawu amayenera kuima m'mwamba n'kukhala pomwepo. Ndinakanikiza. Ndinamva kanthu kakuti khotyo m'mutu mwanga, ndipo lipenga linatulutsa mawu amene sindingawalembe m'kalata yopita kwa munthu waulemu wanu. Mwana wina anaseka, amake anamutsina. Wansembe anatsokomola n'kuyamba pemphero asanafike nthawi yake.

Dzino linali m'kamwa, lili lokha, pamodzi ndi magazi. Pamanda salavula, ndiye ndinalisunga m'tsaya mpaka mwambo wonse unatha, ndikugwedeza mutu kwa aliyense wondipatsa moni. Ndinalira, Bwana. Anthu ankati taonani a Buda mmene ankawakondera malemu. Ine ndinkalira dzino, ndipo ndinachita manyazi kuti ndikulira dzino pa maliro a munthu, ndiye ndinaliranso chifukwa cha manyaziwo. Pobwerera Srećko anandigwira paphewa.

"Amalume, bwanji muzimenya kaye ng'oma? Ng'oma sifuna mano."

Ananena mwachikondi, ndipo n'chifukwa chake zinawawa. Ndinangogwedeza mutu, dzino lidakali m'tsaya.

Tsopano latsala limodzi, la kumanzere, ndipo likugwedera ndikalikhudza ndi lilime, chinthu chimene ndimachita tsiku lonse ngakhale Milojka amandimenya padzanja ngati ndikugwiritsa ntchito dzanja. Wa mano akuti nkhama ikalimba atha kumangirira dzino lopanga pa latsalali, ndipo ndingaimbenso. Likachoka ilinso, ndiye mano a m'kapu, ndipo kuphunzira lipenga pa mano a m'kapu kumafuna zaka zimene ine ndilibe. Mayi Ljiljana akuti kajakisoni kaja katabwerera, nkhama ingalimbe m'milungu yochepa, kwa ine ndi kwa ena onse amene akutsuka m'kamwa n'kulavula zofiira osauza munthu.

Mukhoza kunena kuti dzino la nkhalamba si nkhani ya Komiti, ndipo ndivomera. Ndaimba mokwanira, anthu ena m'tauni muno angakondwe nditaleka. Koma pali a Dobrivoje. Mtima wawo watopa. Masiku ano amabwera pa njinga ya odwala, ndipo makina amawazimitsa nthawi isanakwane chifukwa thupi silikupirira. Mwana wawo wamkazi anandiuza pakhonde kuti madokotala akuti mapulamu a chaka chino sadzawaona atapsa. Iwo akudziwa. Nyimbo anasankha kalekale, ya pang'onopang'ono, imene anavina ndi malemu akazi awo tsiku la ukwati. Ndinawauza kuti Srećko amaidziwa, ndinamuphunzitsa ndekha. Anakana, akuti mnyamata uja amaimba ngati akuthamangira basi, ndipo iwo sakufuna kutsitsidwa mothamanga. Tsiku lililonse la makina, asanandichitire n'komwe sawasha, amatembenuza mutu n'kufunsa:

"Kaputeni, lilipo?"

Ine ndimakweza mlomo ngati hatchi ya pamsika, iwo amayang'ana, amagwedeza mutu, n'kutseka maso. Ndikuopa, Bwana. Sindikuopa kusintha shifiti, zimenezo tinazolowera. Ndikuopa tsiku limene adzafunse ine n'kusowa chowaonetsa.

Tamva kuti anthu ena ophunzira anakulemberani kale za nkhaniyi, ndipo mwa kukoma mtima kwanu mwavomera kuti Komiti idzaunikenso ngati vitamini C ali mankhwala kapena chakudya. Tamvanso kuti idzakhala pansi tchuthi cha nyengo yotentha chikatha, mamembala onse atabwerako kopuma. Zimenezi n'zomveka. Mawu aakulu chonchi safuna munthu wotopa, ndipo ine, amene ndinalephera kusiyanitsa zana ndi chikwi, sindingayerekeze kufulumizitsa anthu amene akusiyanitsa mankhwala ndi chakudya.

Pempho langa ndi laling'ono, silidya ndalama ya boma kupatula pepala limodzi. A Dobrivoje moyo wawo wonse ankagwira ntchito yotseka ndi kutsegula geti pamene msewu umadutsa njanji. Munthu womvera boma ngati ameneyu simunamuonepo. Belu likapanda kulira sankakweza mtengo wotsekera msewu, kaya kunja kuli phee, kaya pamsewu paima mchimwene wawo ndi ng'ombe yodwala. Anthu ankawatukwana, iwo n'kumangoloza lamulo lopachikidwa pakhoma. Choncho ndikupemphani modzichepetsa, Wolemekezeka, kuti muwalembere kalata ya boma yowauza kuti asafe kufikira Komiti itakhala pansi n'kugamula. Ine ndayesa kuwauza ndekha, koma mawu amatuluka ndi mluzu pampata pa dzino, iwo n'kumaseka, akuti ine si boma. Inu adzakumverani. Chonde dindanipo chidindo chachikulu, chifukwa maso awo sakuonanso bwino.

Ine wanu womvera, wa dzino limodzi lakutsogolo pamene ndikusaina pano,

Budimir Lazović,
Woimba lipenga,
Shifiti ya m'mawa, bedi la kumanja kwa a Dobrivoje.